Kambedza ka Ngolo ya Adalaivala

Telala sadula ndendende. Limeneli ndi lamulo limene mayi uja analiphunzira ali mtsikana pa makina a azakhali ake, ndipo kwa zaka makumi atatu linamudyetsa bwinobwino. Kasitomala akakuuza kukula kwa chiuno chake, iwe umangogwedeza mutu, kenako umasiya zala ziwiri mbali iliyonse, chifukwa anthu amanama, komanso amanenepa. Chovala chachikulu chimabwezedwa, chaching'ono ndi maliro. Msewu wonse unkangomutchula kuti Telala, ndipo palibe anabwererako pa shopu yake atanyamula diresi yothina. Ndiye musafulumire kumuweruza pa zimene anachita ndi thiraki ya amuna ake.

Amuna akewo, Adalaivala, anayendetsa mathiraki akuluakulu, aja okoka ngolo, kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi. M'mawa wina akumanga zingwe za nsapato anangopendekera kumanja n'kugwera pansi. Inali sitiroko. M'chipatala anatuluka akuyenda, mokoka mwendo koma akuyenda, ndipo mawu ankatuluka ngakhale mochedwa. Limene linakaniratu ndi dzanja lamanja. Linkangokhala pa ntchafu zala zitapinda, ngati la mlendo amene waliiwala pamenepo.

Nesi wa mafizo, mayi wamfupi wosadziwa kunyengerera, anawauza onse awiri poyera.

"Dzanjali silinafe, lagona. Mukamaligwiritsa ntchito tsiku lililonse lidzuka. Mukalisiya milungu ingapo, zalazi ziuma chopindika, ndipo ine sindidzatha kuziwongolanso. Mwandimva, bambo?"

Anawapatsa kampira kofinya. Adalaivala anakayang'ana n'kunena kuti iwo si mwana wa mphaka. Anawapatsa mapegi oti azipana m'mphepete mwa mbale. Mapegiwo anathera pa chingwe cha zovala panja, kumene ndi kwawo.

Chimene chinagwira ntchito chinabwera ndi mwana wawo wamkazi, amene amakhala kutali ndipo anangobwera masiku awiri. Anabweretsa bokosi la tinjerwa ta pulasitiki, tija ana amalumikiza n'kumanga nyumba ndi magalimoto, tokhala ndi timitu pamwamba. Anagula kwa mnzake wa ku ntchito amene ana ake anakula. Pa chivundikiro panali thiraki yofiira yokoka ngolo. Adalaivala anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, n'kunena kuti magalasi a m'mbali anawaika polakwika, wopanga chidoleyo sanakwerepo thiraki. Mwana atangokwera basi, iwo anatsegula bokosi.

Abale, mukanaona! Patebulo lodyera panasanduka galaja. Telala anawapatsa timbale ta tiyi toikamo tizidutswa, tofiira patokha, takuda patokha, matayala mu mbale ya shuga. Lamulo la nesi linali loti lamanzere ligwire, lamanja likanikize. Tsiku loyamba kanjerwa kamodzi kanawatengera m'mawa wonse, thukuta kamukamu. Sabata yachitatu Telala akabwera masana kudzawapatsa chakudya, ankaima kaye pakhomo osatsegula, kumvetsera kaphokoso kaja koti kha! kanjerwa kakalowa pa kanzake. Ankakawerengera ngati mmene mayi amawerengera mpweya wa khanda. Sabata yachisanu ndi chimodzi mutu wa thiraki unali utaima ndi matayala ake, ngolo itaima payokha, ndipo chala chachikulu chinali chitayamba kukumana ndi chamkombaphala.

Kenako anafika pa tsamba 41 la kabuku ka malangizo ka m'bokosimo.

Kabuku kankaonetsa kachidutswa kotuwa, kophwatalala, kokhala ndi kambedza kumapeto. Kameneka ndi kamene kamakhala kumbuyo kwa mutu wa thiraki kuti ngolo ikolekedwepo. M'timbale munalibe. Anakhuthula bokosi, munalibe. Telala anagwada, mayi wa mawondo olira, n'kufufuza pansi pa sofa ndi tochi ya foni. Anapeza singano ziwiri, batani la malaya amene anatha kale, ndi mphemvu yakufa. Anasefa zinyalala za pa fosholo ndi zala zake. Ayi ndithu, kambedza kanalibe.

"Bambo, ndikumangireni ndi ulusi," anatero atatopa. "Ndili ndi wa nayiloni, wotuwa, suoneka n'komwe."

Adalaivala anamuyang'ana ngati watukwana m'tchalitchi.

"Ngolo... samanga ndi ulusi."

Telala nkhani yake ankaidziwa. Amuna akewo ali anyamata anaonapo ngolo imene munthu wina anaimanga ndi waya itaduka pa chitunda n'kubwerera yokha, ndipo kuyambira tsiku limenelo sankanyamuka asanagwire cholumikizira ndi dzanja lawo, ngakhale mvula ikugwa. Munthu wotero simungamuuze kuti ichi n'chidole chabe.

Koma choopsa sichinali ulusi. Choopsa ananena pambuyo pake, maso ali pa timbale.

"Kanalipo. Ndine... ndakaika pena. Kapena ndalakwitsa kumbuyoku, ndakakwirira mkati. Mutuwu nawonso wapita, Atelala. Mumangondibisira."

Anatenga nsalu ya patebulo n'kuphimba thiraki ija. Mawa lake sanavundukule. Mkuja sanavundukule. Dzanja linabwerera pa ntchafu, ndipo Telala akaima pakhomo masana ankangomva wailesi.

Shopu ya Telala inali kachipinda kamodzi mu mzere wa mashopu asanu, makina awiri, galasi lalitali long'aluka pakona, ndi mulu wa zigamba pansi pa tebulo lodulira. Khoma limodzi ankagawana ndi saluni, ndipo khomalo linali lopyapyala moti mwini saluniyo, mayi wojintcha wa pakamwa posapuma, ankadziwa zonse za m'nyumba ya Telala asanauzidwe. Tsiku lachinayi analowa chipeso chili m'manja.

"Asisi, makina anu akhala chete kuyambira m'mawa. Wamwalira ndani?"

Telala anamufotokozera. Wasaluni anaseka mpaka kugwira khoma.

"Kapulasitiki? Mukuonda chifukwa cha kapulasitiki? Pa intaneti pali chilichonse, asisi, ngakhale mwamuna mukamufuna amabwera ndi wa njinga yamoto. Mawigi onse mukuwaona kwangaku ndimagula pomwepo. Bweretsani foniyo."

Anamutsegulira msika wina wa pa intaneti umene ntchito yake ndi tinjerwa tokhatokha. Telala sanakhulupirire. Anthu akuluakulu, a ndevu zawo, kugulitsa kachidutswa kamodzikamodzi, kalikonse ndi chithunzi chake, mtundu wake ndi nambala yake! Ogulitsa anali mazanamazana. Wasaluni anati ingolembani nambala, chinthu chituluka chokha. Manambalawo amakhala pa tsamba lomaliza la kabuku. Telala anathamangira kunyumba, anatembenuza kabuku, n'kupeza kuti tsamba lomalizalo ana a eni ake analing'amba kalekale. Panangotsala timawaya tomangira.

Ndiye anayamba kusaka ndi maso, monga mmene amasakira batani lofanana mu chitini cha mabatani. Magalasi pa mphuno, foni pa makina, chala chikukankha zithunzi. Anaona timagudumu, timawindo, timaluwa, timitu ta anthu achikasu tongomwetulira popanda chifukwa. Anaona timbedza toyang'ana pansi, timbedza ta pambali, timbedza tokhala ngati makutu a kapu. Diresi ya mkwatibwi wina inali pa hang'ala ikudikira manja, iye osaiyang'ana. Masiku atatu anapita choncho, maso akuwawa, khosi litauma.

Tsiku lachitatu masana anakaona. Kotuwa, kophwatalala, kambedza kumapeto. Anafuula mpaka kasitomala wa ku saluni anadzidzimuka pansi pa chowumitsira tsitsi. Wogulitsa wake sanalembe dzina, shopu yake anangoitcha kuti Madirowa. Ndipo a Madirowawo anali ndi mitundu iwiri ya kachidutswa komweko, kakafupi ndi kakatali pang'ono.

Telala anali atayeza kale malo a kambedza pa thiraki ija ndi tepi yake ya m'khosi, amuna ake akugona. Anayerekeza ndi miyeso yolembedwa pansi pa zithunzi. Kakafupi kanali ndendende, osasiya ngakhale mpata wa singano. Pamenepo ndi pamene zaka makumi atatu zinamugwira dzanja. Ndendende? Iye? Chala chinapita chokha pa kakatali. Mumtima anati chotsalacho chilowa mkati ngati mpendero, sichioneka. Sanafunse Wasaluni, sanafunse a Madirowa. Madzulo atafika kunyumba analengeza ali chiimire pakhomo.

"Bambo, kambedza kanu kakubwera. Kenikeni, kofanana ndi ka m'kabuku."

Kanabwera patapita masiku asanu, mu envulopu yaing'ono yokutidwa bwino ngati muli mankhwala. Tsikulo mkwatibwi uja ankabwera kudzayesa diresi ndi apongozi ake, choncho Telala anangoika kachidutswako patebulo, anavundukula thiraki, anawasisita amuna ake paphewa n'kuthamanga. M'mawa wonse ankaimba nyimbo ali ndi mapini pakamwa.

Atabwera masana sanamve wailesi, sanamvenso kha! Anapeza Adalaivala malaya atanyowa kumsana, chala chachikulu chitafiira. Anali atakanikiza, kutembenuza, kukanikizanso, kuyambira iye atachoka. Kumbuyo kwa mutu wa thiraki kunali kutagumuka ndi mphamvu ya kukanikizako, matayala awiri ali pansi. Kambedza kanali pambali, kosalakwa kanthu.

"Chinthu chabwera," anatero osamuyang'ana. "Chenicheni, mwanena nokha. Ndalephera ndine. Mukamuuze nesi uja... asamavutike n'kubwera."

Telala anayandikira tebulo. Anakhala pa mpando, anatenga kachidutswako n'kukaika pa malo ake. Kanatulukira kunja, kanagunda kumene kumayenera kukhala matayala. Pulasitiki ilibe mpendero, abale. Siipinda, siibwezedwa, siimva chisoni.

"Bambo, si inu. Ndine. Panali tiwiri, ine ndinasankha kakakulu dala. Ndimati chotsalacho chibisika."

"Mukundinyengerera."

"Ndikulumbira, bambo!"

"Munanena kuti kenikeni. Lero mukuti si kenikeni." Anayankhula pang'onopang'ono, mawu aliwonse akuwakoka ngati katundu. "Ndine mwana ine, Atelala? Mwayamba kundisenzera zolakwa zanga?"

Anadzuka, anakoka mwendo kupita kuchipinda. Zimenezi zinamupweteka Telala kuposa akanamukalipira. Ananena zoona, ndipo zoonazo zinamveka ngati bodza la chifundo. Tsopano panalibe mawu ena akanawatsitsa mtima. Chofunika chinali kachidutswa kenikeniko, kalowe pamalo pake iwo akuona ndi maso awo.

Anabwerera ku shopu osadya. Wasaluni atamva anaika manja m'chiuno.

"Mwasiya zala ziwiri pa pulasitiki? Asisi inu! Safunsa anadya phula. Tam'lembereni mwini wakeyo, pali kabokosi ka mauthenga apo. Mwina ndi munthu."

Telala analemba mwaulemu, moni wautali, kufunsa za kunyumba, kenako nkhani yake. Yankho linabwera asanaike foni pansi.

"Nambala ya kachidutswa?"

Basi. Opanda moni, opanda zikomo. Telala anayankha kuti tsamba la manambala linang'ambika. Anatumiza chithunzi cha tsamba 41, ndi china chimene anajambula tsiku loyeza lija, thiraki isanagumuke, tepi yake itagona pamwamba.

"Chotsani tepiyo," anayankha a Madirowa. "Izi sitiyeza. Werengani timitu ta pa chithunzi cha m'kabuku, m'litali mwake."

Anawerenga ndi nsonga ya singano. Tinayi. Anawerenga ta kachidutswa kamene anagula. Tisanu ndi kamodzi. Chinthu choti mwana wa zaka zisanu akanachiona! Manyazi anamugwira mpaka m'makutu. Analemba msangamsanga kuti amutumizire kakafupi kaja, lero lomwe ngati n'kotheka.

"Kanagulidwa dzana. Kanali komaliza. Mtundu umenewu anasiya kupanga kalekale."

Telala anaika foni pa makina n'kuyang'ana khoma. Kanali m'manja mwake, kakumuyang'ana, iye n'kukadumpha chifukwa cha nzeru. Kenako anaitolanso foni ija, ndipo ulemu wonse wa kwa munthu wachilendo anauiwala. Analemba zonse. Za zingwe za nsapato, za nesi, za kampira, za masabata asanu ndi limodzi, za kha! wa pakhomo, za munthu amene tsopano akukhulupirira kuti mutu wake wafa chifukwa mkazi wake ndi telala. Uthengawo unatalika ngati kalata ya kwa makolo. Anautumiza asanauwerengenso, kuopa kuti aufufuta.

Panapita mphindi khumi.

"Ndamva. Dikirani."

"Dikirani!" Telala anamuonetsa Wasaluni foni. "Ndamukhuthulira mtima wanga wonse, iye akuti dikirani, ngati ndili pa mzere wa ku banki! Munthu wanji ameneyu? Anabadwa kwa mayi?"

Anayesa ogulitsa ena, tsopano akuwerenga timitu ngati mwana wa sukulu. Wina anali nako koma kambedza koyang'ana pansi. Wina anali kutsidya kwa nyanja, katundu wake amatenga mwezi ndi theka. Mwezi ndi theka analibe. Nesi anabwerabe Lachinayi, ngakhale anauzidwa kuti asavutike, ndipo atayesa kutambasula zala zija Adalaivala anakukuta mano. Potuluka nesi anamukokera Telala pakhonde.

"Zayamba kulimba, mayi. Masiku angati asanagwire kanthu?"

"Akwana khumi ndi anayi, kupatula m'mawa umodzi."

"Musafike mwezi."

Lachisanu kunali zii. Loweruka m'mawa Telala anali akusoka zipi ya yunifolomu pamene foni inalira. Chinali chithunzi. Kachipinda kakang'ono, makoma onse madirowa okhaokha kuyambira pansi mpaka kudenga, iliyonse ndi kapepala kake kolembedwa pamanja. Pa shelefu panali thiraki yofiira, yomweyo, yofanana ndi ya patebulo lawo, koma ngolo yake itachotsedwa n'kuikidwa pambali. Patsogolo pa chithunzi panali dzanja la munthu wachikulire, la mitsempha yotuluka, litanyamula kachidutswa kotuwa. Telala anawerenga timitu kawiri. Tinayi.

Pansi pake panali uthenga wautali kuposa onse amene munthuyo analembapo.

"Ndafunsa anzanga asanu ndi awiri, alibe. Ndachotsa pa yanga. Yanga imangokhala pa shelefu, ikhoza kudikira. Ndatumiza kale, musalipirenso, kakatali kaja mukasunge. Ndaikamonso tsamba la manambala, ndakukoperani. Chinanso. Chithunzi chanu chija ndachiyang'ana ndi kabuku kanga pambali. Masamba makumi anayi onse bambowo amanga molondola, ndipo kambedza sanakakwirire paliponse, palibe malo amene kangabisale. M'bokosi mwawo munalibe chiyambire. Anthu a manja awiri ambiri amalakwitsa pa tsamba 28, amatembenuza ekiselo ya matayala. Iwo sanalakwitse. Muwauze."

Telala analira. Osati kulira kwa ulemu kopukuta ndi kansalu, ayi, kulira kwenikweni kotsegula pakamwa, mutu uli pa makina, yunifolomu ya mwana wa eni ake ikunyowa. Wasaluni anathamangira ndi magolovesi a mankhwala a tsitsi m'manja, kasitomala wake akumutsatira mutu uli mbali imodzi yoluka. Atawerenga uthengawo Wasaluni, amene sasowa chonena, anangoti, "Ee, koma anthu alipo," n'kufufuza mpango ndi chigongono.

"Ndinamunena kuti sanabadwe kwa mayi," anatero Telala akusisima. "Mulungu andikhululukire pakamwa panga."

Anafuna kuthokoza, koma mawu onse ankaoneka ochepa. Analemba, anafufuta. Analemba za madalitso, za ana ndi zidzukulu za munthu amene sankadziwa ngati ali ndi ana. Analemba kuti amutumizire miyeso yake amusokere malaya. Pomaliza anatumiza zonsezo pamodzi, mosalongosoka. A Madirowa anayankha monga mwa khalidwe lawo.

"Malaya ndili nawo. Ulendo wina muziwerenga timitu."

Telala anaseka misozi ili m'masaya, anatseka shopu dzuwa lili pamutu, n'kupita kunyumba chothamanga.

Anawapeza Adalaivala pa mpando wa pawindo. Sanawapatse moni. Anangoima patsogolo pawo n'kuwerenga uthenga wonse mokweza, kenako anawapatsa foni kuti aone chithunzi, aone kuti si iye walemba. Iwo anayang'ana madirowa aja, anayang'ana thiraki ya pa shelefu ndi ngolo yake yosiyidwa.

"Wachotsa... pa yake?"

"Pa yake, bambo."

"Amatidziwa?"

"Satidziwa. Ngakhale dzina lake sindikulidziwa."

Iwo anamubwezera foni. Kenako anati, "Werenganinso paja pa 28."

Anawerenganso. Iwo anapempha kabuku, anatsegula tsamba 28 ndi dzanja lamanzere, n'kuliyang'ana mopendeketsa mutu.

"Kutembenuza ekiselo," anatero monyoza. "Anthu osadziwa galimoto."

Masana omwewo anasamukira patebulo. Kumbuyo kogumuka kuja kunafunika kumangidwanso, ndipo zala zinali zitabwerera m'mbuyo kwambiri. Kanjerwa koyamba kanawapulumuka kanayi. Telala ankakatola pansi n'kukabwezera m'kambale, kenako n'kupita kukhitchini kukatsuka mbale zotsuka kale. Masiku anayi amene envulopu inali m'njira, iwo anabwezeretsa matayala onse awiri.

Inafika Lachitatu m'mawa. Ulendo uno Telala sanapite ku shopu, makasitomala adikire. Anadula envulopu ndi sizasi yake yaikulu n'kukhuthulira patebulo. Munali kachidutswa kaja m'kathumba, ndi pepala la manambala lopindidwa kanayi. Adalaivala anakankhira kachidutswako pafupi, anatambasula chala chamkombaphala cha kumanja mmene chikanathera, n'kugunda timitu kamodzikamodzi.

"Kamodzi. Tiwiri. Titatu. Tinayi." Anamuyang'ana mkazi wawo cham'mbali. "Osati tisanu ndi kamodzi."

"Ndamva, bambo. Mundinena mpaka liti?"

"Mpaka kumanda."

Lamanzere linagwira thiraki. Lamanja linanyamula kachidutswa, kanagwa. Linanyamulanso, kanakhala mopingasa. Telala anakhalira manja ake enieni, anawaika pansi pa ntchafu, chifukwa ankawadziwa. Kachitatu kachidutswa kanagona pamalo pake, osatsala, osapitirira. Chala chachikulu chinakwera pamwamba n'kuyamba kukanikiza, dzanja lonse likunjenjemera mpaka paphewa.

Kha!

Adalaivala anapuma mwamphamvu, anagwedeza kambedzako kuti aone ngati kalimba, monga ankachitira pa thiraki yeniyeni. Kanalimba. Tsopano panatsala kukoleka ngolo. Anaikoka ndi lamanzere, koma tebulo lawo ndi lopendekeka pang'ono, ndipo mutu wa thiraki utasiyidwa unayamba kugudubuzika wokha kulowera kumphepete. Telala anaiwala zonse. Dzanja lake linatuluka pansi pa ntchafu n'kuthamangira kukaugwira.

Silinafike. China chake chinamugwira pa mkono, pamwamba pa chikhatho, n'kumuimitsa pomwepo.

"Siyani!"

Thiraki inaima yokha pa mpendero wa nsalu ya patebulo. Koma onse awiri sankayang'ananso thiraki. Ankayang'ana dzanja lamanja lija, zala zonse zisanu zitazungulira mkono wa Telala, zikhadabo zikulowa m'khungu. Adalaivala ankaliyang'ana pakamwa pali yasa, ngati wina wawabwezera chikwama chimene anataya chaka chatha.

"Bambo," anatero Telala, "mukundipweteka."

Anadzidzimuka, anafuna kusiya. Iye anaika dzanja lake lina pamwamba pa lawo n'kulipanikiza pomwepo.

"Ndani wakuuzani kuti musiye? Finyaninso."

Anafinya, ndipo zinawawa kuposa poyamba.